Galimoto ikamafooka pachitunda: za catalytic converter ndi kusintha kwake

Aliyense amene anayendetsapo galimoto kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre akudziwa kuti ukangodutsa pa Thabwa msewu umayamba kukwera mapiri, ndipo ndi pamenepo pamene galimoto imaulula matenda ake onse. Pali nthenda ina imene imazunguza anthu ambiri. M'mawa injini imalira bwinobwino, ndipo pachidikha galimoto imayenda popanda chodandaulitsa. Koma ikangotentha n'kuyamba kukwera chitunda, mphamvu zimatha. Woyendetsa amaponda moto mpaka phazi kufika pansi, amabweza giya, koma injini imangobuula ngati munthu amene amutseka pakamwa. Akaima pambali kwa mphindi zingapo imayambanso kuyenda, kenaka n'kufookanso. Ambiri amathamangira kugula mapulagi atsopano, ena amasintha pampu ya petulo, enanso amafika potsegulitsa giyabokosi, ndalama n'kutha matenda ali pomwepo. Nthawi zambiri ndithu vuto lotere silikhala m'injini. Limakhala kunsi kwa galimoto, pa mpope wa ekizozi, m'kachitsulo kofufuma kamene amakaniko amakatcha catalytic converter.

Popeza galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathu n'zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan ndi m'maiko ena, ndipo zimafika kuno zitayenda kale mitunda italiitali, nkhani imeneyi idzafikira pafupifupi aliyense amene ali ndi galimoto kapena amene anapatsidwa udindo wosamala galimoto ya gulu. N'chifukwa chake taona kuti n'koyenera kufotokoza chimene chipangizochi chimachita, momwe chimafera, ndi chimene munthu angayembekezere akachisintha.

Kunja kwake converter imaoneka ngati sailensa yaing'ono. Mutaidula pakati mungapezemo chinthu chonga zisa za njuchi, chopangidwa ndi dongo lapadera lowotcha, chokhala ndi timabowo tosawerengeka toyenda kuchokera mbali ina kukatulukira mbali inayo. Pa malo aakulu ngati sitampa ya kalata pamakhala timabowo pakati pa 400 ndi 600. Makoma a timabowoti amawamata mankhwala onga ufa, ndipo mu ufawo amawazamo tizidutswa tating'onoting'ono ta zitsulo zitatu za mtengo wapatali: platinum, palladium ndi rhodium. Zitsulozi zimangokwana magalamu owerengeka chabe, koma chifukwa cha kumwazika kwake, malo amene utsi umazikhudza ndi aakulu ngati bwalo la mpira.

Anthu ambiri amaitcha sefa ya utsi, koma kunena zoona si sefa, pakuti siigwira kanthu n'kusunga. Ntchito yake ndi kusandutsa. Injini ya petulo imatulutsa ziphe zitatu zazikulu. Choyamba ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, koma ukalowa m'magazi umakanirira kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, kotero kuti munthu amakomoka osadziwa chimene chikumupha. Chachiwiri ndi petulo amene sanapse bwino. Chachitatu ndi mipweya ya nitrogen oxides, imene imapweteka mapapo ndi kuutsa mphumu. Utsi wotentha ukamadutsa m'timabowo tija, platinum ndi palladium zimachititsa kuti ziphe ziwiri zoyambazo zimalize kupsa n'kusanduka carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi, pamene rhodium imaphwanya chiphe chachitatucho n'kuchisandutsa nitrogen, mpweya umene uli wochuluka kale m'mlengalenga. Zitsulozo sizitha, zimangothandiza kuti kusandulikako kuchitike. Converter yabwino imachotsa magawo opitirira 90 pa 100 alionse a ziphe zimenezi. Madzi amene mumaona akudontha pa ekizozi m'mawa ena mwa iwo amachokera ku ntchito imeneyi, choncho asakuchititseni mantha.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuti ntchitoyi itheke. Converter iyenera kutentha kufika pa madigiri pafupifupi 300 isanayambe kugwira ntchito, ndipo paulendo imakhala pakati pa madigiri 400 ndi 800. Ichi n'chifukwa chake n'koopsa kuliza injini m'galaja yotseka m'mawa, poganiza kuti galimoto yamakono ilibe utsi woipa. Pa mphindi zoyambazo utsi umatuluka ndi ziphe zake zonse. Ndiponso amene mumayenda m'midzi nthawi ya chilimwe, pewani kuimika galimoto pa udzu wouma wautali, chifukwa kutentha kwa converter kungathe kuyatsa moto. Chinthu chachiwiri n'chakuti mpweya ndi petulo ziyenera kulowa m'injini pa muyeso wake, magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Amene amayang'anira muyesowu ndi kachipangizo kotchedwa oxygen sensor, kamene kamakhala pa mpope utsi usanalowe mu converter, ndipo kamauza kompyuta ya galimoto kuti ionjeze kapena kuchepetsa petulo. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi sensor yachiwiri kumbuyo kwa converter, imene ntchito yake ndi kuona ngati utsi wayeretsedwadi.

Mbiri yake ndi yaifupi. Katswiri wa ku France, Eugène Houdry, ndiye anayamba kukonza chipangizo chotere m'zaka za m'ma 1950 ali ku America, koma sichinapite patali chifukwa petulo wa nthawi imeneyo ankathiramo mtovu, ndipo mtovu umaphimba zitsulo zija n'kuzipha. Dziko la America litakhwimitsa malamulo a utsi mu 1970, galimoto zambiri zatsopano za kumeneko zinayamba kukhala ndi converter kuyambira mu 1975. Mtundu umene umachotsa ziphe zonse zitatu anaukonza ndi Carl Keith ndi John Mooney a kampani ya Engelhard, ndipo kampani ya Volvo inauika pa galimoto zake mu 1976 pamodzi ndi sensor ya Bosch. Kuno kwathu petulo wa mtovu anachedwa kuchoka. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti amusiye, ndipo anatero pofika kumayambiriro kwa 2006. Dziko lomaliza pa dziko lonse lapansi linali Algeria, mu 2021. Tanthauzo lake n'lakuti galimoto imene inkayenda kuno chisanafike chaka cha 2006 ndipo inkamwa petulo wa mtovu, converter yake inafa kalekale ngakhale ikuoneka yathunthu.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Converter imafa imfa za mitundu iwiri, ndipo zimene mwini galimoto adzaone akaisintha zimadalira kuti yakeyo inafa imfa iti.

Imfa yoyamba ndi yachete. Timabowo timakhala totseguka, utsi umadutsa bwinobwino, koma zitsulo zija zakutidwa ndi zinthu zina kapena zakalamba ndi kutentha, moti sizikusandutsanso kanthu. Chimene chimazikuta kawirikawiri ndi oyilo amene injini yokutha maringi imawotcha, kapena madzi a mu ledieta amene akulowa m'injini chifukwa gasiketi yapsa. Galimoto yotere imathamanga ngati kale. Chizindikiro chake ndi nyali yachikasu ya chithunzi cha injini imene imayaka pa dashibodi, ndipo makaniko akalumikiza makina ake amapeza nambala ya P0420. Nthawi zina utsi umanunkha ngati mazira owola. Munthu akasintha converter yotere asayembekezere kuti galimoto iyamba kuuluka. Nyali idzazima, fungo lidzatha, utsi udzayera, koma mphamvu ndi kamwedwe ka petulo zidzakhala pafupifupi monga zinalili. Ndikunena izi poyera chifukwa alipo ena amene amalonjeza makasitomala awo zimene chipangizochi sichingachite.

Imfa yachiwiri ndiyo ya pachitunda cha Thabwa ija. Pulagi ikafa, kapena koyilo ikamaphonya moto, petulo wosapsa amatsikira mu ekizozi n'kukayakira m'kati mwa converter. Kutentha kumakwera kufika pa madigiri pafupifupi 1,400, dongo lija limasungunuka, timabowo n'kutsekeka. Kapenanso galimoto ikagunda mwala kunsi kwake, kapena ikalowa mumtsinje converter ili yotentha n'kuzizira mwadzidzidzi, dongolo limang'ambika, zidutswa zake n'kumagubuduzika mpaka kupingasa njira ya utsi. Injini ili ngati munthu: siingakoke mpweya watsopano ngati wakale sunatuluke. Pamene ikulira pang'onopang'ono utsi umakhala wochepa ndipo umapeza podutsa. Koma pachitunda, pamene utsi wachuluka, umabwerera m'mbuyo n'kutsamwitsa injini. Galimoto imakana kupitirira liwiro linalake, imatentha, imamwa petulo wambiri chifukwa woyendetsa amangokhalira kuponda moto, ndipo zikafika poipa imalira kwa kanthawi n'kuzima. Apa ndiye kusintha converter kumaoneka ngati chozizwitsa. Galimoto imene inkakwera phiri ndi giya yoyamba imakweranso ndi yachitatu, giyabokosi yosintha yokha imaleka kusakasaka magiya, petulo amayambanso kufika patali. Komabe tidziwe kuti converter yatsopanoyo siinaonjezere mphamvu ina iliyonse. Yangobweza mphamvu zimene yakale ija inkazitsekereza.

Pajatu safunsa anadya phula. Musanalole kuti mpope udulidwe, funsani makaniko kuti watsimikiza bwanji. Njira zilipo ndipo si zodula. Injini itazizira, akhoza kumenya converter pang'ono ndi chibakera. Ikamalira gobedegobede ngati muli timiyala, ndiye kuti dongo lasweka. Akhoza kumasula sensor yakutsogolo ija n'kuika pabowopo geji yoyezera mphamvu ya utsi. Injini ikamazungulira maulendo 2,500 pa mphindi, geji ikapitirira 3 psi, njira yatsekeka. Amene alibe geji amangomasula sensor ija kapena mabawuti olumikiza mpope kutsogolo kwa converter kuti utsi upeze potulukira, n'kuyendetsa galimoto kamtunda kochepa. Phokoso limakhala lalikulu, koma mphamvu zikabwerera, wolakwa wapezeka. Nambala ya P0420 payokha si umboni wokwanira, chifukwa mpope wobooka kapena sensor yotopa zingathenso kuibweretsa, ndipo zimenezi n'zotsika mtengo kwambiri kuzikonza.

Chinthu chimene ambiri amachiiwala n'chakuti converter kawirikawiri siifa yokha, imachita kuphedwa. Ilibe chozungulira kapena chokhulana m'kati mwake. Ku America lamulo limakakamiza makampani kuitsimikizira kwa zaka 8 kapena makilomita pafupifupi 128,000, ndipo pa injini yosamalidwa bwino imapitirira pamenepo. Choncho ikafa, payenera kufunsidwa kuti chaipha n'chiyani. Mukaika yatsopano pa injini imene ikuphonyabe moto kapena ikudyabe oyilo, mwataya ndalama m'madzi, chifukwa nayonso idzapsa miyezi isanathe. Zizolowezi zathu zina nazo zimathandiza kuipha. Kukankha galimoto kuti ilire batire ikafooka kumatumiza petulo wosapsa mu ekizozi, makamaka ikakana kangapo. Kuyendabe ulendo wautali nyali ya injini ikuphethira ndi njira yachidule yosungunulira converter. Nyaliyo ikamaphethira m'malo mongoyaka, ikunena kuti imani. Ndipo pamene mafuta asowa, petulo wa m'zigubu amene ena amasakaniza ndi palafini sapsa bwino, motero amaononga sensor ndi converter yomwe.

Tsopano tifike pa yesero limene pafupifupi aliyense amakumana nalo. Mwini galimoto akamva mtengo wa converter yatsopano amagwira pakamwa, ndipo pomwepo wina amamuuza kuti, "Bwana, musavutike, tingoiboola basi, galimoto izipuma bwino." Amaichotsa, amagumula dongo lija ndi chitsulo, n'kubwezera chigoba chopanda kanthu, kapena amawotchererapo mpope wamba. N'zoona kuti ngati inali yotsekeka, galimoto imapezadi mphamvu nthawi yomweyo, ndipo ichi ndicho chimene chinafalitsa chikhulupiriro chakuti converter imalanda mphamvu za injini. Koma yerekezani moyenera. Poyerekeza ndi converter yotsekeka, mpope wamba ndi wabwino; poyerekeza ndi converter yamoyo, phindu lake pa galimoto wamba monga Toyota Vitz, Corolla kapena Sienta n'lochepa kwambiri moti woyendetsa sangalimve n'komwe. Chimene amamva ndi phokoso, ndipo khutu limanamiza mwendo kuti galimoto yayamba kuthamanga. Petulo nayenso sapulumuka kwenikweni, popeza amene amalamula muyeso wake ndi sensor yakutsogolo.

Zotaya zake ndi zenizeni. Pa galimoto ya sensor ziwiri nyali ya pa dashibodi imayaka osazimanso, ndipo mwini wake amaizolowera, ena mpaka amaimata tepi yakuda. Tsiku limene padzabwere vuto lina lalikulu, nyaliyo siidzakhala ndi njira yomuchenjezera. Kuposa apo, ziphe zonse zija zimatuluka momwe zilili. Amene amazipuma kwambiri si woyendetsa amene watseka mawindo, koma mayi amene akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu mwana ali kumsana, wa kabaza amene ali kumbuyo kwa galimotoyo pamzere wa ku Limbe kapena pa mlatho wa Lilongwe, ndi ana a sukulu amene mphuno zawo zili pafupi ndi mpope wa ekizozi kuposa zathu. Kwa ine ichi ndicho chifukwa chachikulu chosaboolera. Sindikunyoza munthu amene ndalama zamuthera pakati pa ulendo ndipo waboola kuti akafike kwawo. Koma chimene chachitidwa pa ngozi chisasanduke chikhalire.

Palinso chifukwa china chimene ena amafulumirira kukuuzani kuti muiboole, ndipo n'chofunika kuti awerengi athu achidziwe. Dongo logumulidwalo ndi ndalama. Zitsulo zitatu zija n'zosowa kwambiri pa dziko lapansi. Gawo lalikulu la platinum ndi rhodium limakumbidwa ku South Africa, m'migodi ya kufupi ndi Rustenburg ndi madera ena a Bushveld, kwina ndi ku Great Dyke ku Zimbabwe, pamene palladium wambiri amachokera ku Russia ndi ku South Africa komweko. M'mwezi wa Malichi 2021 mtengo wa rhodium unafika pafupifupi madola 29,000 a ku America pa magalamu 31, kuposa golide maulendo opitirira 15, ndipo ngakhale unatsika kufika pansi pa madola 5,000 mu 2023, converter yakufa imagulidwabe ndi anthu amene amakaisungunula. M'zaka zimenezo umbava wa zipangizozi unakula kwambiri ku America ndi ku Britain, kumene akuba ankalowa kunsi kwa galimoto ndi sowo n'kuidula m'mphindi zochepa; ankakonda galimoto zoyendera petulo ndi magetsi monga Toyota Prius, chifukwa zitsulo za mu converter yake zimakhala zochuluka ndiponso zosatha msanga. Amakaniko ambiri ndi anthu okhulupirika amene amatithandiza pa mtengo wochepa, ndipo sitikuwanenera zoipa. Koma converter yakale ndi katundu wa mwini galimoto. Ifunseni, muione ndi maso anu, ndipo ngati mukuisiya kugalaja, mtengo wake uchotsedwe pa ndalama zimene mukulipira. Pogula galimoto n'kwanzerunso kusuzumira kunsi: zipsera zatsopano za kuwotcherera pafupi ndi converter zimanena zambiri.

Nanga munthu agule iti? Yochokera ku kampani imene inapanga galimotoyo ndiyo yokhalitsa, komanso ndiyo yodula kwambiri. Pali zina zopangidwa ndi makampani ena koma zoyezedwa kuti zikwane pa mtundu wa galimoto yanu, zongomanga ndi mabawuti. Palinso zimene amati zimakwana pa galimoto iliyonse, zochita kuwotcherera. Zotsika mtengo kwambiri zimatsika chifukwa muli zitsulo zochepa. Galimoto imayenda bwino ndithu, koma nyali ija ingathe kuyakanso patapita miyezi. Yochotsa pa galimoto ina imene inachita ngozi ingakhale yabwino kuposa yatsopano yotchipa, malinga muiunike ndi tochi: kuwala kuzioneka kudutsa m'timabowo, dongo lisakhale losweka, losungunuka kapena logwedera. Kukula kwake kugwirizane ndi kukula kwa injini, chifukwa yaing'ono pa injini yaikulu idzatsamwitsanso galimoto ngakhale ili yatsopano.

Poiika, ikhale pa malo omwe panali yakale, popeza ikatalikira injini imachedwa kutentha, ndipo muvi umene uli pa chigoba chake uloze kumene utsi ukupita. Ngati pali kuwotcherera, batire iyambe yachotsedwa kuti kompyuta isapse. Magasiketi akhale atsopano, pakuti kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya pafupi ndi sensor kamasokoneza muyeso wonse. Ngati yakale ija inasweka, sailensa nayo igwedezedwe, chifukwa zidutswa zimathawira m'menemo n'kukatsekanso njira, munthu n'kumadabwa kuti wasintha converter koma galimoto ikufookabe. Pomaliza makaniko afufute nambala zakale mu kompyuta. Masiku oyamba pangamveke kafungo ka chitsulo chatsopano chikupsa, ndipo injini ingatenge maulendo angapo kuti kompyuta izolowere. Zimenezi zimatha zokha.

Zonsezi tanena za galimoto za petulo. Za dizilo zamakono, monga mapikapu ena atsopano, zili ndi converter yakeyake, ndipo zambiri zili ndi chipangizo china chotchedwa DPF, chimene ndicho sefa yeniyeni yogwira mwaye. Sefa imeneyi imadziyeretsa yokha powotcha mwayewo galimoto ikayenda ulendo wautali pa liwiro labwino, ndipo imatsekeka msanga pa galimoto yongoyenda timaulendo tatifupi ta m'tauni. Ikatsekeka zizindikiro zimafanana ndi zija za pachitunda, koma nthawi zambiri imatheka kuiyeretsa popanda kugula ina, choncho mwini pikapu ya dizilo ayambe wafunsa za kuyeretsa asanavomere zodula mpope.